Mazira amene tambala anatisiyira

Tambala tinali naye mmodzi, wofiira, wa mchira wakuda. Amuna anga anamugula kwa munthu wina wogulitsa nkhuku zamoyo pafupi ndi siteshoni, nabwera naye m'jumbo mutu uli kunja. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Mayfair, mu mzinda wa Joni, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Pabwalo poyanika zovala tinamangapo kakhola ka mawaya ndi malata akale, ndipo munali nkhuku zathadzi zochepa.

Amuna angawo anali atasiya ntchito. Chifuwa chimene anatenga mu mgodi ali anyamata chinawapezanso ukalamba usanafike. Ine ndinkanyamuka kusanache bwino kukakwera takisi ya ku Sandton, komwe ndinkachapa ndi kukolopa kwa adona, ndipo ndinkawasiya ali chigonere. Ana tinawasiya kumudzi ndi achemwali anga, choncho pakhomo panalibe wowadzutsa. Madzulo ena ndinkawapeza momwe ndinawasiyira, tiyi atazizira pampando, iwo atayang'ana kukhoma. Mantha anga anali oti munthu akazolowera kukhoma sabwererakonso.

Amene anawadzutsa ndi tambala uja. Akangolira, abambo akunyumbawo ankafunda bulangeti nkukakhala pa kireti pafupi ndi khola. Ndikafika madzulo miyendo itatupa, ankandifotokozera zonse za tsikulo. Ankati tambala akapeza kanyenyeswa ka buledi sadya. Amatola nkugwetsa, kutola nkugwetsa, akuitana ndi timawu tapakhosi mpaka thadzi litabwera kudzadya. Akalifuna, amagwetsa phiko limodzi pansi nkumalizungulira chammbali ngati wamwa. Thadzi likalola limakhala pansi nkutambasula mapiko pang'ono, iye nkukwera, nkuligwira nthenga za pakhosi ndi mlomo. Kanthawi kochepa basi, thadzi nkudzikung'untha nkumapitiriza kupalasa. Likakana, ankathamangitsana kuzungulira mgolo wa zinyalala. Panali lina loyera limene tambala ankalikonda kwambiri mpaka nthenga za pamsana zinayamba kuthothoka, ndipo abambo ankamudzudzula m'chiyankhulo chawo cha mu mgodi.

Ine ndinkamvetsera ndikudula anyezi, tulo tili m'maso. Masiku ena ndinkawafunsa ngati dziko lonse la Joni linalibe nkhani ina koma ya nkhuku. Koma mumtima ndinkathokoza Mulungu, chifukwa munthu wofotokoza za nkhuku ndiye kuti wadzuka ndipo waliona dzuwa.

Alandilodi anali achikulire, osati oipa mtima ayi. Anabwera Loweruka lina nanena mwaulemu kuti anthu a mbali zonse akudandaula. Nkhuku zathadzi azilekerera, koma tambala m'tauni ayi: achoke iye, apo ayi tichoke ife. Kwina komwe tikanapeza malo kunali ku mafulati a ku Joubert Park, pamwamba penipeni, ndipo amuna anga sakanatha masitepe amenewo. Ndinavomera pomwepo, abambo ali pa kireti pawo.

Alandilodi atapita, abambo anangoti, "Tambalayu akanatisiyirako anapiye." Pa nkhuku zonse panalibe imene inali itafungatirapo.

Tambalayo ndinamupha ndekha Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Abambo anakana kutuluka, ndipo ndiwozo sanazikhudze. Lolemba ndinawasiya atayang'ana kukhoma, Lachiwiri chimodzimodzi. Nkhuku zinkaikirabe, zikutetera monga kale, pakuti thadzi limaikira kaya tambala alipo kaya palibe. Ndinawaonetsa mazirawo kuti mwina asangalala, koma anati ndingokazinga, mulibe aliyense mmenemo.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala amayi ena a ku Chipata, ogulitsa zovala mumsewu, a pakamwa posapuma. Anandipeza pa mpopi ndikutsuka chiwaya, mazira ali m'mbale, nandifunsa kuti ndi a liti. Nditawauza, anandilanda mbale ija.

"Inu amayi, musaswe awa. Tambala akapita, mbewu yake imatsalira m'mimba mwa thadzi masiku ndithu. A sabata ino ali ndi moyo. A kutsogoloko ndiwo a m'chiwaya."

Ndinawauza kuti tambalayo tamudya kale, mafupa ali mu mgolo. Anaseka, nati kwawo tambala anaphedwa pa maliro a agogo awo koma anapiye ake anabwera m'mbuyo. Ndinalibe mphamvu zokangana. Ndinapinda chitenje chakale m'katoni ya nsapato, nkuikamo mazira aja, nkukaiika pafupi ndi bedi.

"Abambo, akuti mwina muli ana ake umu," ndinatero. "Ine sindikhala pakhomo. Muziona ndinu, ndipo muziyang'anira thadzi limene liyambe kufungatira."

Anayankha osatembenuka kuti amayi a ku Chipatawo amayankhula zambiri.

Koma mawa lake madzulo ndinapeza m'katoni mwawonjezeka dzira limodzi, lolembedwa ndi khala. Ena anali atawapatula m'mbale kuti ndikazinge. Anati akufuna a thadzi loyera lija okha, chifukwa ndilo tambala ankalikwera kawirikawiri. Sindinafunse kuti analidziwa bwanji dziralo. Kuti munthu adziwe nkhuku imene yaikira, ayenera kukhala panja nkumadikira.

Kenako kunabwera kudikira kwina. Mazira sakhalitsa ndi moyo m'katoni, ndipo nkhuku sufungatiritsa mokakamiza. Masiku ankapita, nkhuku zikungopalasa. Ndinkapemphera mu takisi, chikwama pamiyendo, mutu utatsamira pagalasi. Poyamba ndinkachita manyazi kupempherera nkhuku pakati pa anthu amene ena analibe mapepala, ena anali ndi maliro oti atumize kwawo. Koma Ambuye ankadziwa amene ndinkawapempherera.

Imene inafungatira si yoyera ija. Inali ina yakuda, yokalamba, imene tambala sankaiyang'ana nkomwe. Inangokhala pakona nthenga zitafufuma, nkumajompha aliyense woyandikira. Abambo anaiikira mazira aja mmodzimmodzi, dzanja lawo likulandira zijompho. Kunali kozizira chaka chimenecho, kuzizira kwa ku Joni kong'amba milomo. Anakuta khola ndi makatoni, ndipo tsiku lililonse ankaichotsa nkhukuyo kuti idye, nkuonetsetsa kuti yabwerera. Ankatsokomolabe, nthawi zina mpaka kugwira khoma, koma tiyi ndinkapeza atamwa.

Ambiri mwa mazirawo anasukusa. Fungo lake linafika mpaka kwa amayi a ku Chipata, amene anati amenewo ndi a masiku omaliza, mbewu inali itatha. Koma tsiku lina ndikulowa pageti ndinawaona abambo atagwada pakhola, bulangeti litagwa pansi. Sanandipatse ngakhale moni.

"Mayi, tagwadani apa muone."

Mawondo anga anali atagwada kale tsiku lonse pansi kwa adona, koma ndinagwadanso. Pansi pa phiko la nkhuku yakuda panasuzumira timitu tochepa, tonyowa. Ndinayamika Mulungu pomwepo, chamumtima, chikwama chidakali paphewa.

Anapiye anakula, ndipo nkhani za madzulo zinayambiranso. Kamodzi kanali ka miyendo yaitali kuposa anzake, pamutu pakutuluka lipombo lofiira. Tonse awiri tinadziwa kuti ndi katambala. Tinkangokayang'ana.

M'mawa wina ndikumanga mpango ndinamva mawu osasa, oduka pakati, ochokera kukhola. Katambala kaja kanayesanso kachiwiri. Amayi a ku Chipata anagogoda khoma la chipinda chawo, nati wayambatu mwana wa malemu. Nditatembenuka, abambo anali atakhala kale tsonga akufufuza nsapato pansi pa bedi. Ndinawapatsa bulangeti, nkutenga chikwama. Podutsa pabwalo ndinayang'ana zenera la alandilodi, katani inali isanatsegulidwe. Ndinatseka geti pang'onopang'ono, ndipo njira yonse ya ku Sandton ndinkasanja mawu oti ndidzawauze alandilodiwo akabwera.