Kanyumba ka Tadala sindikapala

Mwaswera bwanji nonse a m'gulu lathu la pabanja. Ndinene ndekha nkhaniyi isanakufikeni yokhota.

Mukukumbukira kanyumba ka zidole kamene alamu anga, mayi a Yamikani, anagulira Tadala wanga? Kanabwera kosalumikiza, ndi timapepala tomata pansi tooneka ngati matailosi. Dzulo titakalumikiza, mwana anakana timapepalato. Amafuna pansi pofanana ndi m'nyumba ya malemu agogo ake ku Mkanda.

Ndiye tinazira. Dothi lakuda pansi, katondo m'munsi mwa makoma, n'kusalaza ndi supuni poti nkhulungo singalowemo.

Lero masana alamu atsika minibasi pa Kamwendo, ndipo atangokaona nkhope yasintha. Akuti, "Chinthu chamakono mwachisandutsa khitchini ya kumudzi. Palani mumate matailosi." Mpaka atenga mpeni kuti ayambe okha.

Ndawagwira dzanja. Pakhomo pa kanyumbako Tadala anadinda tizala titatu dothi likadali lonyowa, monga ankachitira amayi anga, agogo akewo, akamaliza kuzira, kuti ana tidziwe sipanaume. Amayi anatisiya iye ali ndi zaka zinayi, koma wakumbuka. Ine mwana wawo ndinali nditaiwala.

Alamu, ndikudziwa mukuwerenga. Mphatso tayamika, koma mutapereka inakhala ya mwana. Sindipala.

Tonse m'gulu muno tinakwawa pa dothi lozira, palibe anabadwira pa matailosi. Amene akuona kuti ndalakwa anene pompano, kenako abwere ndi mpeni wake, adzafufute tizalato Tadala akuona.