Mapazi Pansi pa Kampando

Ntchito ya Mayi Kampando inali yopezera anthu nyumba za lendi. Ofesi analibe, chikwangwani analibe. Anali ndi foni yong'aluka galasi, mulu wa makiyi m'chikwama, ndi kampando kathabwa kopinda kamene kanawapatsa dzinalo. Kulikonse kumene ankapita, kampandoko kankakhala m'khwapa, ndipo makondakitala a minibasi anatopa kalekale kukangana nawo za kameneka.

Anzawo a ntchito yomweyi ankafikira kutsekula chitseko n'kuyamba kutamanda denga losadontha ndi simenti yosalala. Mayi Kampando ayi. Akafika ndi munthu panyumba, makiyi ankawasiya m'chikwama momwemo, n'kutambasula kampando pakhonde.

"Takhalani apa kaye," ankatero. "Zipupa n'zimodzimodzi paliponse. Koma mukatuluka pakhomopa m'mawa, mudzakumana ndi anthu awa, phokoso ili, kapena zii ameneyu. Tiyeni tione ngati mungamvane."

Ena ankanyinyirika. Munthu wachita kupempha kuntchito kuti atulukeko pang'ono, ndiye akumukhazika pakhonde ngati wodikira basi! Koma ankakhalabe, poti mayiwa akayamba kulankhula panalibe mpata wolowetsapo mawu okana. Tisabise, pakamwa anali napo. Ankalankhula pophika, pochapa, potseka chitseko, ndipo akasowa womuuza ankauza ketulo.

Chinsinsi chawo chinali kumapazi. Pamene pakamwa pankagwira ntchito yake, maso ankakhala pansi pa kampando. Munthu amatha kumwetulira pofuna kusangalatsa mwini nyumba, koma mapazi sadziwa ulemu. Amene malo amukomera amatambasula miyendo, mwina kuvula nsapato kumene osadziwa kuti wavula. Amene mtima wake wakana amabisa mapazi pansi pa mpando, zala zitaponda pansi, ngati wofuna kunyamuka.

Makamaka achinyamata ongotuluka kumene m'nyumba za makolo ndiwo ankawadabwitsa, chifukwa ambiri sankadzidziwa. Panabwera mphunzitsi wina amene analumbira kuti iye ndi munthu wa anthu, akufuna pafupi ndi msika. Atapatsidwa moni ndi odutsa angapo, mapazi ake analowa pansi pa kampando osatulukanso. Mayi Kampando anamutengera ku msewu wamitengo kumene agalu okha ndiwo amayankhulana, ndipo ali komweko mpaka lero. Panabweranso mtsikana woluka tsitsi wofuna nyumba ya mpanda ndi geti kuti anzake amuope. Atakhala pakhonde la nyumba yoteroyo, zala zake zonse zinaloza kugeti. Anamupezera chipinda pakati pa mabanja ambirimbiri, ndipo ananenepa. Anthu otere akakumana nawo mumsewu ankawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kumafunsa kuti anadziwa bwanji. Iwo ankangoseka n'kuyamba nkhani ina.

Kunyumba Mayi Kampando anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, choncho m'nyumbamo anakula ali awiriwiri ndi mayi ake. Achibale onse ankamutchula kuti Chete. Anali mwana wongoti "inde amayi," "ayi amayi," n'kubwerera ku mabuku ake. Mayi ake ankauza aliyense monyadira kuti mwana wawo sakonda zoyankhulayankhula, anatengera bambo ake.

Chete atamaliza maphunziro anapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala cha pakati pa mzinda, kutali ndi kwawo, ndipo inakwana nthawi yoti akakhale payekha. Apa Mayi Kampando anamanga nsalu molimba. Amene anapezera nyumba ana a eni ake osawerengeka angalephere wake? Anafufuza mpaka anapeza kanyumba kakumbuyo kwa nyumba yaikulu, m'kati mwa mpanda wanjerwa, mwini wake mayi wachikulire wosamva bwino. Kunali phee, maluwa okhaokha. Chinanso chimene sanachitchule n'chakuti minibasi imodzi yokha inkakwanira kuchoka pakhomo pawo kukafika pagetipo.

Loweruka m'mawa anapita naye kukaona. Atangofika, mayi anapisa dzanja m'chikwama kufuna kiyi.

"Amayi," anatero Chete, "ine simundikhazika pakampando?"

"Iwe? Ndinakubereka ndekha iwe. Kampando n'ka anthu osawadziwa."

"Ndikhazikeni basi."

Anatambasula kampandoko akuseka, Chete n'kukhala, manja pamaondo. Mayi anayamba kufotokoza za mpopi wakewake, za chimbudzi cham'nyumba, za mmene munthu angawerengere mabuku popanda womusokoneza. Mwachizolowezi maso awo anatsikira pansi. Mapazi a Chete anali atalowa pansi pa kampando, zala zitaponda pansi. Mayi Kampando anawaona bwinobwino. Koma anadziuza kuti nsapatozo n'zatsopano, mwina zikumuthina, ndipo anakweza mawu n'kupitiriza za mpopi.

"Ndiye kwakusangalatsa, eti?"

"N'kwabwino, amayi."

Asanabwerere kunyumba, Mayi Kampando anali ndi kantchito kena kutsidya kwa njanji. Kumeneko chipinda china chinali chitangotsala chopanda munthu, ndipo mwini wake anawaitana kuti akatenge kiyi. Derali iwo ankati ndi la anthu a makutu olimba. Nyumba zake zinali zamdadada, zitseko zoyang'anizana, mpopi umodzi pakati, zingwe zoyanikira zovala zitadutsana pamwamba moti wamtali ankayenda chowerama. Telala ankapalasa makina ake pakhonde, kuseri wina ankawotcherera zitsulo, mawailesi ankapikisana, ndipo ana ankathamanga paliponse osadziwika kuti uyu ndi wa khomo liti.

"Gwira kampandoka, undidikire pomwepa," anatero mayi. "Usaope, sindichedwa. Ndikudziwa kuti phokosoli likupweteka mutu."

Koma anachedwa. Mwini nyumbayo anali bambo wokonda kudandaula, ndipo atakumana ndi Mayi Kampando zinali ngati mitsinje iwiri yathirana. Anakambirana za loko wothyoka, za amene anatuluka osasesa, za ana a masiku ano. Ali m'kati motero, panja panabuka phwete la anthu ambiri, ndipo pamwamba pa onsewo panamveka kuseka kwina kwakukulu, kochokera m'mimba, kosadziletsa. Mayi Kampando anaima pakati pa mawu. Kusekako sanakudziwe, komabe kunawagwira penapake m'chifuwa. Anasuzumira pazenera.

Kampando kanali katatambasulidwa pakhomo la chipinda chopanda munthu chija, ndipo Chete anali atakhalapo. Pamiyendo pake panali khanda la eni ake likuseweretsa mkanda wake. Telala anali atasiya makina, tepi ili m'khosi. Amayi awiri anaiwala ndowa zikusefukira pampopi. Wowotcherera uja anali atakweza magalasi ake akuda pamphumi, kukamwa kuli yasa. Onsewa ankamvetsera Chete.

Ankawasimbira za kuchipatala, za chimwamuna china chamatupi chimene chinalowa monyang'wa kuti icho sichiopa kanthu, koma chitangoona singano chinayamba kuitana mayi ake. Ankasintha mawu, uku akhale chimwamunacho, uku akhale namwino wotopa. Ankadziwa poima kuti anthu aseke, ankadziwa pobweza mawu a telala kuti nayenso asekedwe. Dzanja limodzi linkagwira khanda, linalo linkajambula nkhaniyo m'mwamba. Nkhope yake inali yowala moti mayi ake anachita kuyang'anitsitsa kuti atsimikize kuti ndi yemwe uja anamusambitsa ali wakhanda.

Kenaka anayang'ana pansi. Nsapato zatsopano zija zinali pambali, ina itagwa chafufumimba. Miyendo inali itatambasuka mpaka pakati pa njira, ndipo kamwana kena kankaidumpha ngati chingwe.

Mayi Kampando anachita mantha, anachita manyazi, koma choposa zonse anazizwa. Munthu wotereyu anagona naye nyumba imodzi moyo wake wonse, anamuphikira, anamuluka tsitsi, koma sanamuonepo. Iwo amene ankawerenga mapazi a alendo pakanthawi kochepa! Mwini nyumba ankalankhulabe kumbuyo kwawo za loko, koma sanamvenso kanthu.

"Kodi mtsikanayo ndi amene mwamubweretsa kudzalowa?" anafunsa bamboyo atasuzumira nawo. "Ameneyo ndiye ayi, abwere. Mwamupeza kuti?"

"Ndi mwana wanga," anayankha, ndipo mawuwo anatuluka motsika ngati akufunsa.

Atatuluka panja, Chete anawaona, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anabweza khanda kwa mwini wake, anakoka nsapato n'kuyamba kuvala, nkhope yabwerera mwakale. Anthu aja anadandaula kuti amalize kaye.

"Mayi, mwana wanuyu ndi wailesi," anatero telala. "Kunyumba kwanu mumagona nthawi yanji?"

Mayi Kampando, amene sanasowepo yankho chibadwire, anangomwetulira. Anthu atabalalika, anakhala pa sitepe pafupi ndi kampando, pansi kuposa mwana wawo.

"Mwanawe, zonsezi umazisunga kuti?"

"Ndimakhala nazo, amayi. Kuntchito amandidziwa. Kusukulu ankandidziwanso."

"Nanga kunyumba bwanji sunena?"

Chete anayang'ana zala zake, n'kumwetulira pang'ono. Sanayankhe mokwiya kapena modandaula. Anayankha mofatsa, monga mmene munthu amanenera kuti kunja kukugwa mvula.

"Ndimadikira kuti mumalize."

Mpopi unkathirabe m'ndowa. Telala anayambiranso kupalasa makina. Mayi Kampando anatsekula pakamwa kuti adziteteze, kuti anene kuti m'nyumba ya anthu awiri wina amayenera kulankhula, kuti bambo ake atamwalira zii wa m'nyumbamo ankawaopsa ndiye ankamuthamangitsa ndi mawu. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinafika mpaka pamilomo. Anazimeza.

Kanyumba ka maluwa kaja kanali pafupi, minibasi imodzi basi. Kuno kunali kokwera ziwiri n'kuwolokanso njanji wapansi, ndipo anadziwa kuti mwana akalowa pano, Loweruka lake lidzakhala ndi eni ake ambiri. Zinawapweteka kwambiri. Koma pa ntchito yawo yonse sanaperekepo kiyi motsutsana ndi mapazi, ndipo sakanayambira pa mwana wawo. Anafunyulula dzanja. Kiyi amene mwini nyumba uja anawapatsa anali atadinda chizindikiro m'chikhatho chifukwa chomufinya.

"Loko ndi wothyoka," anatero pomupatsa. "Usalowe asanakonze. Ndipo chingwe choyanikira chako chikhale chakochako, anthu a pano amabwereka mpaka mapegi."

"Amayi..."

"Ndamaliza," anatero Mayi Kampando. "Ukumva? Ndamaliza."

Mu minibasi yobwerera anakhala mophathikizana kumpando wakumbuyo, kampando kali pamiyendo pa mayi. Kukhala chete inali ntchito yolemetsa kuposa kuyenda mzinda wonse wapansi. Anaona nyumba yopakidwa utoto woipa, ndemanga inabwera, anaigwira. Kondakitala anapatsa munthu chenje cholakwika, anadziluma lilime. Anadutsa masitolo, anadutsa msika, palibe wonena kanthu, mpaka mayi anayamba kuopa kuti mwina anachedwa kwambiri, kuti mwina mawu a mwanayu ndi a anthu ena basi.

Atasintha minibasi, Chete anakhosomola pang'ono.

"Chimwamuna chija, amayi, sindinamalize. Mukudziwa kuti chinabweranso mawa lake?"

"Chinabweranso?"

"Chinabwera ndi mayi akewo."

Ndipo anayamba. Poyamba ankalankhula motsitsa, akuyang'ana mayi ake m'mbali ngati woyesa ngati mlatho ungamunyamule. Kenaka mawu anakula, manja anayamba kuyenda, wokhala kutsogolo anatembenuka kuti amve nawo. Mayi Kampando anagwira kampando kawo ndi manja onse awiri, maso ali pa mwana wawo, misozi ikulengeza uku akuseka. Pamene kondakitala ankaitana siteji ya kwawo, Chete anali pakatikati pa nkhani, ndipo mayi ake anangoisiya minibasiyo ipitirire.