Mawu a Nambewe M'kakompyuta

Ndinachoka kwa Zulu, ku Mchinji, chaka chomwe fodya wanga anabwezedwa ku okushoni. Imvi ndinali nazo kale. Sindinafunse munthu. Ndinangouza mkazi wanga Nambewe kuti ndikupita ku Joni. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusenda mtedza. Anati ndisaiwale jekete.

Ku Joni ndinapeza ulonda pa shopu yokonza mafoni ndi makompyuta. Wokonza wake anali Che Yusufu, Msilamu wa pa boma pa Mchinji pomwepa, munthu wosachuluka zonena. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shopu. Lamulungu linkatha osayankhula ndi munthu.

Nambewe sankadziwa kulemba. Ankabwereka foni ya mwana wathu Limbani n'kujambula mawu ake, Limbani n'kunditumizira. Ankanena za mbuzi, za denga lodontha, za amene wamwalira. Nthawi zina ankangoimba nyimbo ya amayi a kutchalitchi, pothera pake n'kufunsa kuti, "Bambo a Limbani, koma mukudya?"

Foni yanga inadzaza. Yusufu anatulutsa kakompyuta kakale kamene mzungu wina anakasiya, kakang'ono ngati Baibulo la pagome. Anati choyamba tisankhe pulogalamu yoyendetsa makinawo, chifukwa popanda iyo kompyuta ndi thabwa chabe. Anandiyesera zitatu, ine ndili chilili pambali.

Yoyamba ndi ija ili m'maofesi. Inakalemera kanthuko. Ukayatsa, tiyi amawira iko kasanadzuke. Yachiwiri inkadzuka usanachotse chala, yokongola ndithu, koma zonse imasunga pa intaneti. M'kati mwa makina simutsala kanthu, ndipo netiweki ikathawa, nayonso yagona. Yachitatu inali yosasangalatsa m'maso, zithunzi zake zachikale. Koma inali yopepuka, ndipo ukaipatsa chinthu imasunga momwemo.

Yusufu ankakonda yachiwiri. Ndinamufunsa ngati waiwala kuti kwathu netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa dimba. Anaseka, n'kuika yachitatu. Mawu onse a Nambewe tinawasamutsira m'menemo, mufoni n'kufufuta kuti mulowe ena.

Ena sanabwere ambiri. Nambewe anadwala, n'kumwalira m'dzinja. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sakanandilola kubwerera. Ndinatumiza ndalama ya bokosi, ineyo n'kukhala pa ntchito. Mwamuna aliyense wa nzeru akanatero. Ndikaweruka ndinkayatsa kakompyuta, mkazi wanga n'kundifunsa ngati ndikudya.

Apolisi atayamba kugwira anthu opanda mapepala, ndinaopa kuti adzandikweza chimanjamanja, katundu n'kutsala. Ndinapereka kakompyutako kwa dalaivala wonyamula katundu wa kumudzi. Limbani ndinamuimbira ndekha. Ndinamuuza kuti akaike m'sutikesi ya amake, asakakhudze, tidzakayatsa tsiku lomanga chiliza kuti anthu amvenso mawu a malemu. Anati wamva.

Ndinabwerako ku Joni chilimwe chatha. Simenti ya chiliza ndinagula pa boma, n'kutsika minibasi pa Kamwendo. Limbani ndinamupeza pomwepo, pakhonde la shopu ina, anthu ali pamzere. Ankawalembera zofunsira ntchito ndi malo a sukulu pa intaneti, amulipire. Pamiyendo pake panali kakompyuta kanga. Ndinaona kukongola kwa pagalasi, n'kudziwa. Inali yachiwiri ija.

Sanabise. Anati anapita nako kwa wokonza wina, yemwe anamuuza kuti pa ntchito ya pa intaneti yatsopanoyi ndiye yachangu, koma poiika zonse za m'kati zifufutika. Ndinafunsa ngati anamuchenjezadi asanayambe. Anati inde. Foni yake yakale, imene amake ankajambulira, anagulitsa kalekale ku Chipata.

"Unkadziwa kuti muli amako?"

"Amayi ali kumanda, bambo. Ndinawanyamula ndine. Mawu awo omaliza ndinawamva ndi makutu angawa. Sanali m'kompyuta."

Sindinamumenye. Ndinanyamula chikwama changa.

Kumudzi ndinapeza kuti nkhaniyi aliyense ankaidziwa. Mlamu wanga wamkulu, amalume ake a Limbani, ndiye anatsegula sutikesi ija. Anati chobwera ndi mkamwini pamudzi n'cha ana, ndipo makina sangagone m'nsalu mwana ali pa ulova. Anandiuza zimenezi akumwa tiyi amene ndinabwera naye.

Chiliza ndinamanga. Amayi a kutchalitchi anaimba, koma osati nyimbo ija. Mwambo utatha, abale a mkazi wanga anandikhazika pamphasa n'kundisudzula, kuti ndine mfulu, ndibwerere kwathu. Nyumba ya malata ndinamanga ndine. Mbuzi ndinagula ndine. Koma mudzi ndi wawo, ndipo chimene chinkandigwira pamenepo ndinali nditangochiphimba ndi simenti.

M'mawa mwake Limbani anabwera n'kuika kakompyuta pakhonde. Anati nditenge chinthu changa. Ndinakwera nako pachulu paja, mwina wokonzayo anasiya kena kake. Kanadzuka msanga, netiweki n'kugwira, n'kundifunsa dzina langa. Kena kalikonse munalibe. Ndinatsika n'kumubwezera. Adyerepo.

Pano ndimakhala kwa mlongo wanga, kufupi ndi malire. Amandipatsa chakudya, sandifunsa kanthu. Nthawi zina ndimayesa kukumbukira nyimbo ya Nambewe. Imabwera ndithu, yonse, koma imabwera ndi mawu anga.