Injini Imene Ndinkamvera pa Foni

Bambo anga ankamvera injini ndi sikuludiraiva. Ankagunditsa nsonga yake pachitsulo, mpini n'kuuika pakhutu, kenako n'kutsinzina ngati munthu amene akulawa mchere m'ndiwo. Akatero ankandikodola. "Bwera umve. Wamva chiyani?" Ine ndinali kamtsikana, ndipo poyamba ndinkangomva phokoso. Achimwene anga, mwana woyamba m'nyumba mwathu, ankathawa akangoona boneti yatsegulidwa chifukwa ankadana ndi girisi m'zikhadabo. Choncho khutu la bambo linagwera ine, mwana wamkazi, ndipo anthu a pa Zóbuè anandiseka mpaka anatopa okha.

Galimotoyo inali yaitali, ya ku Falansa, yoyendera dizilo, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. Bambo anachita kusiyiridwa ndi Mpwitikizi wina wa sitolo amene ankamugwirira ntchito yoyendetsa. Ndi imene inatiwolotsa malire kupita ku Malawi nkhondo itafika pakhomo, ndipo ndi yomweyo inatibweretsa mtendere utabwera, mbuzi ziwiri kumbuyo, malata pamwamba, mayi atafukata wailesi pamiyendo. Bambo atamwalira inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri. Nkhuku zinkaikiramo mazira, achimwene ankasungiramo feteleza.

Malasha atayamba kukumbidwa kwambiri ku Moatize, tinatsikira kumeneko ambiri. Ine ndinapeza ntchito yoyendetsa lole yothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi lichepe. Tchuthi changa choyamba ndinakwera ku Zóbuè kukapempha galimoto ija. Mayi anati, "Itenge, ikungotiphera mthunzi." Achimwene anaseka mpaka misozi. "Mlongo wanga watsikira kumalasha kuti adzagule khola la nkhuku!" Tsiku limenelo palibe amene ananena kuti galimotoyo ndi ya tonse. Ndinaimanga ndi tcheni kumbuyo kwa lole ya mnzanga, ine n'kukhala pa chiwongolero, tikutsika mapiri aja mabuleki ali ongoyerekeza.

Inanditengera zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkachita lendi kanyumba kokhala ndi bwalo lalikulu, ndipo bwalo limenelo ndilo linali galaja yanga. Amene sanakhalepo ku Moatize mwezi wa Okutobala sangamvetse: sipanala ukaisiya padzuwa sungaigwirenso, moti ndinkaziponya zonse m'ndowa ya madzi. Mdani wamkulu anali fumbi la malasha, limene limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Chitsulo chilichonse ndikachitsuka ndinkachikulunga m'chitenje chakale, ndipo mapisitoni ankakhala kuchipinda kwanga m'ndowa yovundikira. Zina ndinkaitanitsa kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Blantyre kudzera mwa oyendetsa malole. Pampu ya dizilo ndinapita nayo ndekha kwa mkulu wina mumzinda wa Tete, amene anandifunsa katatu kuti mwini wake ali kuti. Magasiketi ang'onoang'ono ndinkadula ndi manja. Ndinaikamo redieta yokulirapo chifukwa cha kutentha kwathu, ndinasintha mawaya onse amene makoswe anadya, ndipo chivundikiro cha pamwamba pa injini ndinachipaka penti yofiira yotsala pachitseko cha anansi.

Mwamuna wanga ndinamupeza momwemo. Anabwera kudzabwereka jeke, n'kuyamba kubwera popanda chobwereka. Mpaka lero amauza anthu kuti analowa mitala, ndipo wamkulu m'banjamo anali wachitsulo.

Tsiku limene injini inalira koyamba linali Lamulungu m'mawa. Inatulutsa utsi umene unathamangitsa amayi oyanika zovala, kenako inakhazikika. Ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali nditaiwala. Ikamalira pang'onopang'ono, inkati ikagunda kangapo n'kuchita ngati yatsamwa, n'kupitiriza. Bambo ankati ndi kachifuwa kake. Ndinayesa kukachotsa miyezi iwiri, ndinakanika, ndipo kunena zoona ndinasangalala kuti ndakanika. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira ngati pamaliro.

Nditakwera nayo ku Zóbuè ikuyenda yokha, mayi anagwira chitseko chake ndi manja awiri. Achimwene anaizungulira kawiri, kenako anapempha kuti nditsegule boneti, koyamba m'moyo wawo. Anafunsa kuti imamwa dizilo wochuluka bwanji. Anafunsa ngati ingalire tsiku lonse osatentha. Ine kupusa kwanga, ndinkayankha monyada, ndikuganiza kuti munthuyu tsopano waona ntchito ya manja anga.

Chaka chotsatira zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Mwini nyumba anaganiza zomanga zipinda za lendi pabwalo ponse, popeza anthu a mumgodi ankalimbirana pogona. Ndipo ine ndinali ndi pakati povuta, moti achipatala anandiletsa maulendo ataliatali. Galimoto inalibe pokhala. Sindinaganize kawiri. Ku Zóbuè kulibe fumbi la malasha, mphepo yake ndi yozizira, ndiponso kunali achimwene. Kwathu mlongo wako wamwamuna ndiye mwinimbumba. Ndiye anaima ngati nkhoswe paukwati wanga, ndiye wosunga zako ukakhala kutali, ndiye wokapita kwa iye wina akakulakwira. Mwamuna wanga anakaisiya kumeneko, ine n'kutumiza mawu amodzi okha, akuti aziiliza Lamulungu lililonse kuti isaume.

Ndiye panayamba mwambo wathu. Lamulungu ndikabwera kutchalitchi ndinkaimba foni kufunsa za galimoto, imene kwathu timati karu.

"Achimwene, tailizani karu ndimve."

"Dikira ndifike pomwe ili," ankatero iwo, ndipo ndinkamva mapazi awo.

Kenako inkalira. Ndinkatsinzina ngati bambo, foni ili pakhutu, kudikira kachifuwa kaja. Kakamveka mtima unkakhala m'malo. Masiku ena ndinkaika foniyo pamimba kuti wam'katiyo amve nawo galimoto ya agogo ake. Achimwene ndinkawalangiza zoti achite, ndipo ankachitadi, chifukwa sabata yotsatira ndinkamva kusintha. Atandiuza kuti oyilo akuda msanga, ndinadziimba mlandu ndekha kuti mwina maring'i sindinawakhazike bwino, n'kuyamba kutumiza oyilo ndi masefa pa minibasi mwezi ndi mwezi. Iwo ankanditumizira zithunzi za galimoto itatsukidwa, ikuwala pansi pa mango. Ankatumizanso thumba la ufa woyera, wosalala bwino, mwezi uliwonse, amvekere ndi wa mwana ali m'njirayo. Kuntchito ndinkawatama achimwene anga mpaka anzanga ankachita nsanje.

Mwana wanga wamkazi atakwanitsa miyezi inayi ndinaganiza zokamuonetsa kwa agogo ake. Sindinauze aliyense, ndinkafuna ndingotulukira. Linali Lachitatu masana pamene ndinatsika minibasi pa Zóbuè, mwana ali kumbuyo. Malole anali atandandalika kudikira kuwoloka malire, ambiri akulira. Kuseri kwa msika chigayo chinkalira kwambiri ngati zigayo zonse. Ndinali nditayamba kale kulowera njira ya kwathu pamene ndinaima. Pansi pa kukuwa kwa chigayo kuja panali kugunda kumene ndinkakudziwa. Chimanga chitatha m'chigayomo phokoso linatsika, ndipo ndinakamva bwinobwino kachifuwa.

Miyendo inanditengera yokha kumeneko. Chinali chisakasa cha malata, panja pali mzere wa amayi ndi madengu awo. Injini yanga inali itamangiriridwa pa zipika ziwiri, lamba wamkulu akuchokera pa iyo kupita kuchigayo. M'malo mwa redieta panali mgolo wa madzi. Chivundikiro chofiira chija chinali mbuu ndi ufa. Pakhomo, pakampando, panakhala mayi anga akuyeza chimanga cha anthu ndi chitini. Atandiona anakokera chitenje pakamwa.

Achimwene anatuluka nsidze zili zoyera. Anabwerera kukazimitsa injini, ndipo mzere wonse wa amayi unatembenukira kwa ife.

"Wabwera osanena, mlongo?"

"Karu ili kuti, achimwene?"

"Ili kunyumba. Palibe waikhudza."

"Nanga ma Lamulungu onse aja munkandimvetsera chiyani?"

"Motori yomweyi. Ndinkachotsa lamba kuti chigayo chisamveke."

Ananena zimenezi m'maso muli gwa, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Ndinawafunsa kuti injiniyo anaichotsa liti m'galimoto. Anati sabata yachitatu galimoto itafika. Anaikweza ndi tcheni pa nthambi ya mango omwe aja. Ndiye kuti chaka chathunthu ndinkatsinzina, kumwetulira ndi kuika foni pamimba, ndikumvera chigayo.

"Inali ya bambo athu tonse," anatero. "Iwe umalandira kumgodi. Ife mvula inatithawa zaka ziwiri. Chitsulo chizingokhala chowala pamthunzi ana akugona ndi njala?"

"Bwanji osandipempha?"

"Ukanalola?"

Zoona, sindikanalola. Ndinatembenukira kwa mayi, ndikuyembekeza kuti mwina anena kuti anawaletsa koma sanamvedwe. Iwo anayang'ana mwana amene anali kumbuyo kwanga, mdzukulu amene anali asanamuonepo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, ufa wake wadya nawo chaka chonse. Mkaka umene akuyamwa uyu wachokera kuti?"

Mawu a achimwene anandipsetsa mtima, koma a mayi ndiwo ananditsegula maso. Thumba lija silinali mphatso. Linali londitseka pakamwa ndisanadziwe n'komwe kuti pali choti ndinene.

Kunyumba ndinatsegula boneti. Munali chibowo chokhachokha, masamba a mango atagweramo. Mawaya amene ndinalumikiza limodzilimodzi anali atadulidwa ndi chikwanje. Kunja kokha ndiko kunkawala, chifukwa ndiko kunkafunika pa chithunzi.

Nanga ndikanakadandaula kwa yani? Mkazi akalakwiridwa kwathu amapita kwa mwinimbumba wake, ndipo wanga ndi amene anali ndi ufa m'nsidze. Amalume anamwalira kale. Mwamuna wanga ndi mkamwini, salowerera za katundu wa kuchikazi. Njala ya kwathu inali yeniyeni, zimenezo sindikutsutsa. Achimwene akanabwera ku Moatize n'kukhala pansi n'kunena, tikanakangana, mwina ndikanawafunira injini ina. Chimene sindinathe kumeza ndi ma Lamulungu aja, ndi mapazi awo pa foni akupita kukachotsa lamba.

Mnzathu wina atatipatsa malo kuseri kwa nyumba yake, ndinatsitsa chigoba cha galimoto ku Moatize, pa tcheni kumbuyo kwa lole ngati poyamba paja. Ndinasiya kutumiza oyilo. Ufa unabweranso kawiri, ndinaubweza pa minibasi yomweyo, ndipo sunabwerenso.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, Lamulungu masana, foni inalira. Anali achimwene. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, koma ndinayankha poopa kuti mwina ndi za mayi.

"Mlongo, pepa. Tamvera, motori ikulira zachilendo."

Ndisanavomere anali ataika kale foni pafupi nayo, lamba atachotsa ngati kale. Maso anatsinzina okha. Kachifuwa kanalipo. Koma pansi pake, m'kati mwenimweni, munali kugogoda kolemera kumene kunalibe kale. Sindinafunikire sikuludiraiva. Anali mabeyaring'i a pansi, atauma chifukwa cha oyilo wakale wosakanikirana ndi ufa. Ndinadziwanso chochita: kuizimitsa nthawi yomweyo, kutsegula pansi, kuikamo ena. Inali ntchito ya masiku awiri, ndipo mabeyaring'i atsopano ndinali nawo m'ndowa yanga yovundikira ija, atakulungidwa m'chitenje.

Achimwene anabwezera foni pakhutu lawo. "Wamva chiyani?"

Linali funso la bambo, lochokera pakamwa pa munthu amene ankathawa girisi. Mtima wanga unawira.

"Ili bwino, achimwene," ndinatero. "Gayani."

Inagaya masiku asanu ndi anayi.

Anaitumiza pa lole ya matabwa, popanda uthenga. M'mbali mwake munali chibowo cholowa chibakera, pamene chitsulo cha m'kati chinatulukira. Lero tili ndi bwalo lathulathu. Galimoto ili pa njerwa pansi pa denga la malata, injini ili pambali pake yofunditsidwa lona. Amakaniko amandiuza kuti ya mapikapu a ku Japan ingalowemo bwinobwino nditangosintha pokhazikira, ndipo ndimawayankha kuti ndiganiza kaye. Kwathu ndimapita pamaliro ndi pamatenda. Ine ndi achimwene timapatsana moni, mayi amanyamula mdzukulu wawo, ndipo za chigayo palibe amene amazitchula. Sindinawakhululukire. Koma lona lija sindinalivundukulenso chibwerere injiniyo, chifukwa amene anaimva ikudwala n'kunena kuti ili bwino si achimwene.

Mwana wanga tsopano ali pasukulu. Akaweruka amakwera m'galimotomo, n'kumapotokola chiwongolero akulira ndi milomo ngati lole ya mumgodi. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi iyoyo inkalira bwanji. Ndinatsinzina, n'kuyesa kuitsanzira ndi pakhosi, kugunda kangapo kenako kutsamwa pang'ono. Anandiyang'ana modabwa, n'kutsika kuthamangira m'nyumba kukauza bambo ake kuti amama ali ndi chifuwa.