Bwato la Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene ine ndi abambo tinasema bwato. Tinkakhala m'malayini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo sukulu inali kutsidya kwa damu. Ana ena tinkangozungulira wapansi, koma mlongo wanga Esinati anabadwa ndi mwendo wopuwala. Akafika kusukulu amakhala atatupa bondo, ndiye anayamba kujomba.

Mtengo wa mbawa utagwa ndi mphepo, abambo anapempha chipika kwa akapitawo kuti tiseme bwato lomuwolotsera Esinati. Akaweruka kothyola tiyi ankagoba m'kati, ine n'kumasema kunja ndi sompho. Fungo la zipalapatso zaziwisi linkandikanirira m'manja. Ndinkafuna bwato lothamanga, choncho pansi pake ndinapasongola ngati msana wa nsomba. Nditaliyesa linadula madzi bwino, anzanga ankachita kulisirira.

Tsiku limene Esinati anakwera, tisanapite patali bwato linapendekeka n'kumukhuthulira m'madzi. Panali posaya, koma anatuluka akunjenjemera, matope ali tho kumaso.

"Basi, sukulu ndasiya," anatero motsitsa mawu. "Musamavutike nane."

Ine ndinati vuto ndi iyeyo, sakhala mowongoka. Abambo anamuuza Esinati kuti akhale pa udzu monga mmene amakhalira akatopa. Anakhala atatambasula mwendo wodwalawo, thupi lonse litatsamira kumanzere. Abambo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa sompho.

"Ameneyu sangasinthe kakhalidwe kake, mwanawe. Chosinthika ndi mtengowu."

Ndinasema msana wa bwato wokongola uja mpaka pansi panakhala pafulati, mtima ukundiwawa. Kumanzere tinamangirirako nsungwi zikuluzikulu kuti zizigwira madzi. Bwato linasanduka chinthu chonyansa, choyenda pang'onopang'ono, ndipo anzanga analitcha mtondo wa amayi.

Esinati anakana kukweranso mpaka abambo analowa m'madzi ofika m'chiuno, atagwira m'mphepete. Atalisiya, bwato silinagwedezeke. Tili pakati pa damu, ine ndikupalasa, Esinati anamasula dzanja limodzi n'kuliviika m'madzi. Chaka chimenecho anakhoza mayeso.

Lero ndili ndi ana anga, aliyense ndi kupendekeka kwake. Nthawi zambiri ndimapezeka ndikufuna kuti mwana awongoke kuti akwane mu zimene ndamukonzera. Ndaphunzira kuyamba ndakhala pansi n'kuona mmene mwanayo alili, ndisanayambe kumukonzera kalikonse.