Moto wa Atate pa Kompyuta ya ba Gelesomu

Anzanga, khalani pansi, mafoni muyambe mwaika m'thumba. Inde, ndine nemwe wa foni ndikunena zimenezi, ndiye dziwani kuti nkhani ni yaikulu. Mumandifunsa daile kuti zithunzi za mitambo ya nyenyezi zimene ndimaika pa sitetasi ndinaziyamba bwanji. Manje mvelani.

Ndikukumbukila ndili giledi sikisi, tikukhala ku Kabwata. Atate anali owotchelela zitsulo kumbuyo kwa msika, mageti, mawindo, mabedi, zonse. Ukamapita kukawapatsa chakudya unkaona moto wa buluu ukuthwanima uli kutali, fungo la chitsulo chopsa likukwela m'mphuno, iwo ali kuseli kwa chigoba chao chakuda cha kumaso. Akandiona chabe ankakuwa kuti ndiyang'ane kumbali, moto uja umapha maso. Chaka chimenecho anadwala pang'ono chabe, n'kutisiya.

Malilo atapita, msuweni wanga ba Gelesomu, mwana wa amalume a ku Chelstone, anabweletsa chithunzi chachikulu mu felemu. Mtambo wa kumwamba, m'mbali mwake mofiila ngati dzimbili, pakati pake kuwala kwa buluu, ndendende moto wa atate. Amai atachiona anakhala pansi pa simenti. Ati atate ako afika, ayamba kale nchito kumeneko. Anachipachika pambali pa chithunzi chopatulika cha Mtima Woyela, ndipo m'mawa uliwonse asanapite ku msika ankachipukuta na nsonga ya chitenge chao chakuda, n'kuchiuza nkhani za m'nyumba. Kuti malaiti apitanso, kuti mpopi ukudontha, kuti mwana wao wakana kusamba. Ine ndinkachita manyazi kuba shuga pamaso pa chithunzi chija. Koma ndinkaona kuti chimene chikuwadzutsa amai pa bedi ni chimenecho.

Sondo ina titachoka ku Misa tinakwela minibasi kupita ku Chelstone kukacheza. Akuluakulu ali pa khonde na tiyi, ine ndinazembela ku chipinda cha ba Gelesomu. Munali kutentha, kununkha sokosi na mawaya, kompyuta yakale ikulila ngati chigayo. Pa sikilini panali chinthu chotuwa, chakuda na choyela, chodzaza timadontho ngati tivi yopanda eliyo. Ndinafunsa ngati kompyuta yafa. Iwo anaseka, ati iyi ni nyumba ya atate ako ija, isanapentedwe.

Anzanga, mutu unazungulila.

Anandifotokozela uku akudya mtedza, ngati akukamba za mpila. Ati kuli makina aakulu oonela nyenyezi, ena ali m'mwamba mwenimweni kupitilila ndeke, ndipo akatswili akamaliza nazo nchito zithunzi zao amaziika pa intaneti kuti aliyense atenge mahala. Koma makinawo sajambula mitundu. Amajambula malo amodzimodzi katatu, chithunzi chilichonse chikugwila kuwala kwa mpweya wina wake, zonse zotuwa. Ndiye munthu wamba ngati iwo amatenga zitatuzo, amakoka kuwala kobisika kuti kuoneke, amachotsa timadontho, kenaka china amachipatsa kufiila, china kubiliwila, china buluu, n'kuziphatikiza. Anakanikiza kiyibodi, mtambo wathu uja n'kutulukila, wa pa khoma lathu weniweni. Kenaka ati ona ichi. Anasinthanitsa mitundu iwili. Moto wa atate unasanduka gilini.

Ndinakuwa, sindinama. Koma chimene chinandiumitsa thupi sichinali pa sikilini. Kumbuyo kwanga supuni inagwa. Amai anali ataima pa chitseko na kapu ya tiyi imene anandibweletsela, ndipo anali ataona zonse.

Ba Gelesomu mtedza unawatsamwa. Anayamba kulankhula mofulumila, za mpweya, za akatswili, kuti onse amachita choncho, si iwo okha. Amai anawadula.

"Gelesomu, buluu uja unaikako ndiwe?"

"Ni ine, ba anti."

"Nanga kuwala kwa pakatiko?"

"Uko ayi, ba anti. Uko kuliko zoona. Ine ni penti chabe."

"Ndiye miyezi yonseyi ine ndakhala ndikupeleka moni kwa penti yako."

Sanakalipe. Anaika kapu pa tebulo bwinobwino, anatsanzika amalume mwaulemu wonse, tinanyamuka. Mu minibasi kondakita anayesa kuwaseketsa, iwo maso pa windo kuyambila ku Chelstone mpaka mu tauni. Ine ndinkadziwa amai a masiku a malilo, ogona moyang'ana khoma, osadya, ndipo ndinkaona kuti tikubwelela komweko.

Titafika kunyumba amai anachotsa chithunzi, anachigoneka chafufumimba pa kabati. Pa khoma panatsala msomali na malo oyela. M'mawa mwake ku msika sanapite. Mbaula ikayaka ine ndinkaima pakati pa iyo na kabati, poopa kuti achiponyapo.

Kenaka tsiku lina masana ndikuchoka ku sukulu ndinawapeza atatsegula bokosi la zipangizo za atate, limene munthu sanaligwilepo chichitikile malilo. Anatulutsa chigoba chija cha kumaso, anachikulunga m'chitenge, ati tiye. Tinapita kumbuyo kwa msika, pa malo a atate, pamene anali kugwila manje ba Yusufu, anzao a pa nchito. Amai anawapempha kuti apitilize nchito. Ndiye tangoganizani, mai wa zakuda, kolona yopemphelela m'khosi, wavala chigoba cha owotchelela pakati pa anthu, azimai a tomato onse aimilila kuonelela. Ba Yusufu anagunditsa waya pa chitsulo, moto n'kuthetheka. Ine ndinayang'ana kumbali monga mwa malamulo a atate. Amai anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

Atavula, maso anali onyowa, koma pakamwa pakunjenjemela ngati afuna kuseka.

"Ni gilini," anatelo. "Mkati umu moto ni wa gilini. Zaka zonse zija bambo uyu sanandiuzepo."

Anandiveka na ine. Zoona, anzanga. Kuseli kwa galasi lakuda lija dziko lonse linali mdima, kupatula kadontho kamodzi kobiliwila, chimodzimodzi chimene ndinaona pa kompyuta. Buluu tinkauona ndife oima kutali. Mwini wake wa moto ankaona zina.

Madzulo omwewo amai anatumila foni ku Chelstone, ati uzani wa penti uja asindikize cha gilini chija, ndipo asachedwe. Chinabwela. Anakhoma msomali wina. Mpaka lelo zili ziwili pa khoma, ndipo mlendo akafunsa amai amangoti ichi ni chathu, icho ni cha atate ake. Ku msika anabwelela m'mawa wotsatila tsiku lija la kwa ba Yusufu.

Ba Gelesomu anandiopa kwa kanthawi, koma ine ndinawakakamila mpaka anandionetsa kumene amatenga zithunzi zotuwa zija. Zotsala ndinaphunzila ndekha, mavidiyo, kulakwitsa, kutha mabandulo a intaneti. Zimene kompyuta yao inkachita ikulila masana onse, manje ndimachita pa foni mu minibasi tili pa jamu ya ku Woodlands. Dziko lasintha. Ana a masiku ano amaona mitambo iyi asanadziwe na kumanga nsapato.

Koma chimene ndakukhazikilani pansi ni ichi. Sondo yatha kamwana ka achemwali anga, Tiyamike, kali na zaka zisanu, kanakwela pa mpando kwa amai, kanaloza zithunzi ziwili zija. Ati ba ankolo, agogo aamuna ali mu cha buluu kapena mu cha gilini? Amai anali ku khichini, ndinamva mpeni wasiya kudula. Foni inali m'manja mwanga, ndipo chithunzi chotuwa chija, chosapenta, chilimo, chala chimodzi chabe n'kuchitsegula. Ndinati ndikayankha Sondo ikubwelayi.

Sondo ni mawa, anzanga. Inu mukanakauza chiyani kamwanako?