Tsiku Limene Ndinatsuka Mabotolo ndi Jiki

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi ena a kutchalitchi kwathu ku Malota, bambo a ana atangomwalira. Anati kulabu ina yoyeza madzi akufuna wotsuka mabotolo. Ndinati Mulungu wandikumbuka, poti ana atatu ankayang'ana ine ndekha.

Abwana anali Ba Sitali. Lachiwiri lililonse ankapita kudamu ndi kaukonde kofewa ngati nsalu, kusefa madzi, kuthira m'mabotolo agalasi, n'kuika m'bokosi la ayezi. Akabwerako ankawerenga tizilombo ta m'madzimo pa maikulosikopu tikadali tamoyo. Yanga inali kutsukuluza botolo lililonse katatu ndi madzi a m'chigubu cha labu, osagwiritsa sopo. Kuima tsiku lonse, msana kuwawa, pobwerera n'kuyendanso pansi.

Komatu ine ndine mayi. Botolo losaona sopo kwa ine linali losatsuka. Lolemba lina ndinatenga jiki wakunyumba n'kutsukira mabotolo, ati ndiwasangalatse abwana.

Mawa lake Ba Sitali anabwera kuchokera kudamu atapsa ndi dzuwa la Okutobala. Anasuzumira pamakina nthawi yaitali, kenako ananunkhiza botolo.

"Amake Chipo, ni ndani anasuka aya?"

"Ni ine, ba bosi. Ninaikako ka jiki kuti yayere bwino."

"Mayo! Mwapaya vonse! Manje nizaziba bwanji ngati damu ili bwino?"

Apa ndinazindikira kuti jiki uja wapha tizilombo tonse. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ntchito ndi yokhayi, ndikawauza chiyani ana?

Iwo anapukuta thukuta, n'kutenga dontho m'botolo lina limene sindinalikhudze.

"Bwerani muone vamene mwapaya."

Ndinaika diso. Abale, m'dontho limodzi munali mudzi! Tinthu toonekera mpaka m'mimba, tikudumphadumpha, kena katabereka mazira kumsana monga ine ndi ana anga.

"Utu ndiye tumatiuza za manzi yamene bana banu bakumwa," anatero. "Mailo tibwerera ku damu, ndipo bokosi munyamula ni imwe."

Mawa lake ndinalinyamuladi pamutu, dzuwa likuswa mtengo, khosi n'kuuma sabata yathunthu. Sindinadandaule, chifukwa ntchito inali ikadalipo.

Ndinakhala pamenepo mpaka Chipo anamaliza sukulu, ndipo ndimathokoza Mulungu ndi abwana aja. Chimene ndinatolapo n'chakuti pantchito ya eni, ngakhale mtima ufune zabwino, umayamba wafunsa. Jiki ndinamusiya kunyumba, kumene amadziwa ntchito yake.